Kuyendetsa galimoto pa sinowo koyamba: malangizo kwa wozolowera matope a ku Zomba

Mwana wa mlongo wanga wapeza ntchito yosamalira okalamba ku Scotland, yoyenda khomo ndi khomo pa galimoto. Kutatsala sabata imodzi kuti anyamuke anabwera kwathu ku Matawale, tinakhala pakhonde, ndipo atatha kufunsa za majuzi ndi mitengo ya lendi anafika pa chimene chimamusowetsa tulo. "Amalume, sinowo uja amayendapo bwanji? Ine ayezi ndimangomudziwa wa m'fuliji." Ndinamufotokozera mpaka kunada, koma atapita ndinaona kuti zambiri ndadumpha. Ndiye ndazilemba pano kuti awerenge iye, komanso wina aliyense amene ali ndi ulendo wotere. Ine ndinakhalako zaka zinayi kufupi ndi Perth, ndipo chaka choyamba chomwe ndinagwetsera galimoto m'ngalande. Ndifikako.

Za mawu kaye. Kutchalitchi timamva akuti chipale chofewa, pena akuti matalala, koma matalala ife timadziwa aja amang'amba masamba a chimanga. Ine ndizingoti sinowo, monga amanenera aliyense amene anamuponda, ndipo madzi oundana pamsewu ndiziti ayezi. Ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo choopsa kwambiri ndi chachiwirichi.

Nkhaniyi si ya okwera ndege okha. Abale athu oyendetsa mathiraki pakati pa Johannesburg ndi Durban amadutsa pa Van Reenen's Pass, pamsewu wa N3. Mu Seputembala 2024 sinowo anatsekereza magalimoto pamenepo usiku wonse, ndipo mayi wina amene anali m'minibasi anamwalira ndi kuzizira. Mu Julayi 2023 anagwa mu Johannesburg mwenimweni. Choncho a ku Joni nanunso tcherani khutu.

Chimene ndinayamba kumuuza mnyamatayu ndi ichi: ngati unayendetsapo galimoto pamsewu wa ku Kachulu mu Febuluwale, mvula itakhuthuka masiku atatu, theka la sukuluyi unamaliza kale, chifukwa matope amaphunzitsa phazi kupepuka. Theka lotsalalo ndi kusiya zizolowezi zina zimene kuno timapulumuka nazo tsiku ndi tsiku, koma kumeneko zimagwetsa munthu m'dzenje.

Musanatuluke m'nyumba

Dzifunseni ngati ulendowo sungadikire mawa. Ku Britain a zanyengo a Met Office amapereka machenjezo amitundu itatu: lachikasu, lofiirira ngati lalanje, ndi lofiira, lomwe limatanthauza kuti moyo uli pachiswe. Pa 28 Febuluwale 2018 chenjezo lofiira lili m'kati, magalimoto pafupifupi 1,000 anagona pamsewu wa M80 pakati pa Glasgow ndi Stirling. Ambiri mwa anthu amenewo ndi eni dziko, okulira m'sinowo momwemo. Ife tinazolowera kumva za nyengo pawailesi n'kunyamuka basi, mvula tikaionera komweko. Kumeneko mverani. Ngati ndi ulendo wa ntchito, auzeni abwana anu poyera kuti simunayendepo pa sinowo. Palibe amene adzakusekeni, ndipo nthawi zambiri amakupatsani wina woyenda naye masiku oyamba.

Mukaganiza zopita ndithu, sankhani misewu ikuluikulu ngakhale ikhale yozungulira, chifukwa ndi imene amayamba kuthiramo mchere ndi kukankhamo sinowo. Njira zachidule zisiyeni. Muuze wina kumene mukupita ndi nthawi imene mukuyembekeza kufika, ndipo nthawi ya ulendo muiwirikize kawiri. Kumbukiraninso kuti mu Disembala ku Scotland dzuwa limalowa isanakwane 4 koloko masana, pamene kuno ana akadali kusewera mpira.

Zamapepala mwachidule: ku Britain laisensi yathu ya ku Malawi imagwira ntchito miyezi 12, kenako muyenera kulemba mayeso a kumeneko. Ku Britain, Ireland, Japan, South Africa ndi Lesotho amayenda kumanzere ngati kuno. Ku Canada, America, Norway ndi Germany amayenda kumanja, ndipo ngati mukupita kumeneko zolowerani kaye mbali yatsopanoyo msewu uli wouma. Kuphunzira kumanja ndi sinowo tsiku limodzi n'kudziputira mavuto.

Galimotoyo ikonzeni kaye

Yambani ndi matayala, chifukwa galimoto yonse imagwira pansi ndi timalo tinayi tokula ngati chikhatho. Kuno tayala timaliyendetsa mpaka litafika posalala ngati mutu wa dazi, tikamva kuti waya waonekera m'pamene timapita pa kaunjika. Pa sinowo tayala lotere ndi bokosi la maliro. Lamulo la ku Britain limafuna mizere yozama mamilimita 1.6, koma nyengo yozizira musatsike pa mamilimita 3.

Palinso matayala opangidwira kuzizira. Labala wa tayala wamba amayamba kuuma kukazizira kutsika pa madigiri 7, ndipo akauma sagwira msewu. La nyengo yozizira limakhalabe lofewa, ndipo lili ndi timing'alu tambirimbiri tokhotakhota toluma sinowo. Mulizindikira ndi chizindikiro cha m'mbali mwake: phiri la nsonga zitatu, m'kati mwake muli kanyenyezi ka sinowo. Mwina munalionapo osadziwa, chifukwa magalimoto ena ochokera ku Japan amafika nawo kuno matayala amenewa, n'kumatha msanga pa phula lotentha la ku Liwonde, eni ake akudandaula kuti anawabera. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko. Ku Quebec m'dziko la Canada ndi okakamiza kuyambira pa 1 Disembala mpaka pa 15 Malichi. Ku Sweden ndi kuyambira pa 1 Disembala mpaka pa 31 Malichi ngati msewu uli ndi sinowo kapena ayezi. Ku Germany lamulo silitchula tsiku, koma akakupezani pa sinowo opanda matayalawa mumalipira. Ku Britain sakakamiza, ndipo n'chifukwa chake sinowo wochepa chabe amaimitsa dziko lonse. Mukagula, gulani anayi. Awiri kutsogolo okha amachititsa kuti mutu ugwire pamene mchira ukuvina. Mpweya nawo uziyesedwa pafupipafupi, chifukwa kukazizira umatsika wokha popanda pobooka.

Tsopano chizolowezi chathu chachikulu: madzi a pampopi mu redieta. Pafupifupi tonse timatero, ndipo kuno injini imangochita dzimbiri pang'onopang'ono. Koma madzi akaundana amafufuma, monga limachitira botolo loiwalidwa m'fuliji mpaka kusweka. M'kati mwa injini amatha kung'amba redieta, mapaipi, ngakhale buloko yeniyeniyo. Muthire antifreeze, mankhwala oletsa madzi kuundana, wosakaniza theka ndi theka ndi madzi, amene saundana mpaka kuzizira kutapitirira madigiri 30 pansi pa ziro. Chimodzimodzi kabotolo ka madzi otsukira galasi: madzi a sopo aja timathira kunowa amauma gwa! Gulani mankhwala ake ndipo musunge botolo lina m'buti, chifukwa mchere wa pamsewu umathovukira pagalasi n'kuuma mbee, ndipo mawaipa opanda madzi amangoupaka.

Batire lofooka, lija timati "likadali bwino, limangofuna kukankha m'mawa," kuzizira kumalimaliza tsiku loyamba, ndipo pa ayezi palibe anyamata okankha. Liyezetseni. Thanki isatsike pa theka. Wa dizilo adziwe kuti dizilo amalimba ngati phala kukazizira kwambiri. M'mayiko ozizira amagulitsa wina wa nyengoyi, choncho thirani wa komweko, osadalira wotsala m'thanki kuchokera nyengo yotentha.

M'buti muikemo chopalira ayezi pagalasi, kabulashi, fosholo yaing'ono, bulangete, magolovesi, chipewa, nsapato zolimba, tochi, chaja ya foni, madzi akumwa, chakudya chosaola ngati mtedza kapena mabisiketi, zingwe zojampira batire, ndi kathumba ka mchenga. Ziguduli ziwiri sizilemera, ndipo ntchito yake mukuidziwa kale.

M'mawa, galimoto itakwiririka

Dzukani mphindi 15 msanga. Lizani injini, yatsani hita kuloza pagalasi, yatsaninso AC ngakhale kukuzizira, chifukwa ndiyo imaumitsa nthunzi ya m'kati. Musaisiye ikulira n'kubwerera m'nyumba kukamwa tiyi. Akuba amadikira zomwezo, ndipo a inshuwalansi kawirikawiri amakana kulipira makiyi akakhala anali m'galimoto.

Musathire madzi otentha pagalasi. Maganizo amenewa amabwera kwa aliyense wa ife, ketulo ili pomwepo, koma galasi lozizira likalandira madzi owira limasweka ngati tambula, ndipo madzi otayikira pansiwo amaundana n'kukugwetsani inu nomwe mawa. Palani ndi chopalira. Palani galasi lonse, osati kabowo kosuzumirapo, kenako magalasi am'mbali, lakumbuyo, timagalasi toonera m'mbuyo, nyali ndi nambala. Sinowo wa padenga mumukankhe yense. Akatsala, pa buleki yoyamba amatsetserekera pagalasi lakutsogolo n'kukuphimbani maso, kapena amaulukira mnzanu wakumbuyo. Mawaipa amamatirira pagalasi usiku. Anyamuleni ndi dzanja musanawayatse, mwina mung'amba labala kapena kupsereza kamota. Pokwera, gogodani nsapato kuti sinowo achoke, phazi lingaterereke pa buleki.

Kunyamuka

Ngati kungatheke, tsiku loyamba la sinowo pezani malo oimikapo magalimoto opanda anthu, mupite ndi mnzanu wozolowera. Yendani pang'onopang'ono, pondani buleki mwamphamvu, mumve mmene galimoto ikuchitira. Khotani, nyamukani, imani. Theka la ola pamenepo limaphunzitsa kuposa zonse ndalemba pano. Safunsa anadya phula.

Ya manyuwo, nyamukani ndi giya thu, mukutulutsa kalachi mwapang'onopang'ono, moto wochepa kwambiri. Giya wani ili ndi mphamvu zambiri ndipo imangozunguza matayala pamalo amodzi, monga zimachitikira m'makande. Matayala akayamba kulira ndi kuzungulira pachabe, chepetsani moto. Kuwonjezera kumapukuta sinowoyo kukhala ayezi pansi pa tayala, ndipo mwadzikumbira nokha dzenje. Ya otomatiki, chotsani phazi pa buleki muisiye iyambe kukwawa yokha, kenako muipatse moto pang'ono. Pa magalimoto ambiri a Toyota ochokera ku Japan pali kabatani kolembedwa SNOW pafupi ndi giya, kamene kuno timangokayang'ana zaka zonsezi. Ntchito yake ndi imeneyi: kamafewetsa kunyamuka kuti matayala asaterereke.

Pamsewu

Lamulo limene ndimabwereza kwa aliyense ndi lakuti tayala lizipatsidwa ntchito imodzi pa nthawi imodzi. Pa phula louma tayala limatha kugwira buleki likukhota nthawi yomweyo. Pa sinowo mphamvu yake yogwira pansi ndi yochepa moti ikagawidwa pawiri palibe chimene chimatheka. Ndiye chepetsani liwiro msewu ukadali wowongoka, chotsani phazi pa buleki, kenako khotani, ndipo moto muupatse chiwongolero chitawongoka. Chilichonse muchite ngati pampando wakumbuyo pali chidebe chodzaza ndi thobwa chopanda chivundikiro.

Mtunda pakati pa inu ndi wakutsogolo ndi pamene ife timalephera kwambiri. Tinaphunzira kwa a minibasi kununkhiza bampala ya mnzathu kuyambira pa Chinamwali mpaka m'tauni. Buku la malamulo a pamsewu la ku Britain limati pouma musiye masekondi awiri, ponyowa muwirikize kawiri, ndipo pa ayezi mtunda woimira umatha kuchuluka kakhumi. Taganizani: pa liwiro la makilomita 48 pa ola, galimoto imaima pa mamita 23 msewu uli wouma. Kakhumi ndiye kuti mabwalo awiri a mpira. Wakutsogolo akadutsa pa chikwangwani, werengani. Pa sinowo mufike masekondi khumi musanachidutse inuyo, pa ayezi kuposa pamenepo. Wina akalowa pampatapo, musiyeni, bwererani m'mbuyo, yambaninso kuwerenga. Wakumbuyo akamakukakamizani, pezani malo abwino mupatuke adutse. Zikwangwani za ku Britain ndi America zili m'mamailosi, ndipo nambala yolembedwapo ndi ya tsiku labwino, osati la lero.

Yendani ndi giya yapamwamba imene injini ingapirire pamalo athyathyathya, kuti matayala asalandire mphamvu yodzidzimutsa. Cruise control, ija imasunga liwiro yokha phazi mutachotsa pa moto, muizimitse. Nyali ziyake ngakhale masana, koma zotsika. Sinowo akamagwa nyali zazitali zimakubwezerani kuwala m'maso, chimodzimodzi chifunga cha chiperoni pamwamba pa phiri mu Juni. Nyali za chifunga ndi za pamene simukuona kupitirira mamita 100, ndipo kukayera muzizimitse. Galimoto yothira mchere kapena yokankha sinowo musaipitirire, chifukwa msewu wabwino uli kumbuyo kwake. Koma mcherewo musaudalire kwambiri. Kukazizira kufika cha m'ma madigiri 10 pansi pa ziro mphamvu yake imachepa.

Ndi mawu awiri kwa okonda 4x4. Magudumu anayi okoka amathandiza kunyamuka ndi kukwera. Poima sathandiza chilichonse, popeza galimoto iliyonse ili ndi mabuleki pa magudumu anayi, ndipo yaikuluyo ndi yolemera. Zaka zanga zinayi zija, ambiri amene ndinawaona m'ngalande anali a magalimoto akuluakuluwa, onyengedwa ndi mmene ananyamukira bwino. Pikapu yopanda katundu nayo imapepuka kumbuyo. Monga timakwezera anthu kumbuyo kuti ituluke m'matope, ikanimo matumba a mchenga pamwamba pa magudumu akumbuyo, omangirira bwino.

Chitunda ndi mtsetse

Apa munthu wa ku Zomba ali ndi mwayi. Aliyense amene anatsikapo kuchokera ku Ku Chawe amadziwa kuti phiri lija satsika ndi buleki yokha. Umalowetsa giya yotsika pamwamba pomwe, injini n'kumaigwira galimoto m'makona monse muja. Pa sinowo chitani zomwezo. Chepetsani liwiro musanayambe kutsika, lowetsani giya thu kapena yachitatu, ya otomatiki muiike pa 2 kapena L, ndipo buleki muziikhudza pang'onopang'ono pamalo owongoka. Kusintha giya pakati pa mtsetse n'kutulutsa kalachi mwadzidzidzi kumamanga matayala ngati mwaponda buleki, choncho giya isankhidwe kumtunda. Chizolowezi chija chochotsa giya n'kuika pa fili kuti tisunge mafuta potsika chisiyeni pa bwalo la ndege la Chileka.

Pokwera, dikirani pansi mpaka wakutsogolo afike pamwamba, chifukwa akaima pakati inunso mwaima, ndipo kunyamukanso pa chitunda cha ayezi n'kovuta. Tengani liwiro lokwanira pamalo athyathyathya, sankhani giya imodzi, phazi likhale pamodzimodzi mpaka pamwamba, kenako chepetsani musanaone kuseri.

Ayezi wosaoneka

Sinowo ndi wachilungamo: amaoneka, ndipo watsopano amagwira tayala bwinoko ndithu. Ayezi ndiye mthirakuwiri. Pali wina wopyapyala, woonekera ngati galasi, moti umaona phula lakuda pansi pake n'kuganiza kuti msewu wangonyowa. Amapangika usiku kapena m'bandakucha, madzi a mvula kapena sinowo wosungunuka masana akaundananso.

Ine anandigwira m'mawa wina mu Januwale, kumwamba kuli mbee, dzuwa likutuluka, sinowo kulibe n'komwe. Ndinali pa kamsewu ka kumidzi, mtima uli m'malo, wailesi ikuimba. Nditayandikira kamlatho kena pansi pa mitengo ndinamva chinthu chachilendo: phokoso la matayala linangoti zii, ndipo chiwongolero chinapepuka m'manja ngati chaduka. Ndinachita chimene thupi limalamula, kuponda buleki ndi mphamvu zonse ndi kupotokola chiwongolero. Galimoto inatembenuka mwaulemu, mosafulumira, mpaka ndinayang'ana kumene ndimachokera, n'kukhala m'ngalande chammbali. Sindinavulale. Mlimi wina anandikoka ndi thirakitala, ndipo atandiyang'ana matayala anangopukusa mutu.

Zizindikiro zonse zinalipo, ine ndiye sindinkadziwa kuziwerenga. Milatho imaundana msanga kuposa msewu wonse chifukwa mphepo yozizira imadutsa pamwamba ndi pansi pomwe. Malo amthunzi, pansi pa mitengo ndi m'zigwa, ayezi amakhalapo tsiku lonse. Pa majankishoni ndi pa maloboti sinowo amapondedwa ndi kupukutidwa ndi mabuleki mpaka kusalala. Magalimoto ambiri amayatsa kanyenyezi pa dashibodi kunja kukafika madigiri 3 kapena 4, osadikira ziro, chifukwa pansi pamazizira kuposa mpweya umene galimoto ikuyeza. Msewu ukamaoneka wonyowa koma matayala a wakutsogolo sakuthovutsa madzi, umenewo ndi ayezi. Zimitsani wailesi, mvetserani matayala. Akangokhala chete, chotsani phazi pa moto pang'onopang'ono, chiwongolero chikhale chowongoka, buleki musaikhudze, muisiye galimoto idutse yokha mpaka matayala ayambenso kulankhula.

Ikayamba kuserereka

Kuserereka kulipo kwa mitundu iwiri. Koyamba, mwakhota koma galimoto ikupitabe kutsogolo. Matayala akutsogolo ndiwo ataya msewu. Mtima umati khotetsa kwambiri, koma kutero kumangowonjezera vuto. Chotsani phazi pa moto, bwezani chiwongolero pang'ono, dikirani matayala agwire, kenako khotani mofatsa.

Kwachiwiri, mchira ndiwo ukuthawira kumbali. Uku mukukudziwa kuchokera m'matope. Mchira ukapita kumanja, chiwongolero chipite kumanja. Ukapita kumanzere, kumanzere. Pang'ono pokha, ndipo ukangoyamba kubwerera muwongole msanga, apo ayi uthawira mbali inayo mwamphamvu kuposa poyamba. Ya manyuwo, pondani kalachi kuti injini isiye kukoka kapena kugwira matayala.

M'zonse ziwiri maso ayang'ane kumene mukufuna kupita. Manja amatsatira maso. Woyang'anitsitsa mtengo amakagunda mtengowo, ngati mwana wophunzira njinga amene amalunjika pa chitsa chokhacho pabwalo lonse.

Ngati palibe kuchitira mwina koma kuima, dziwani kaye ngati galimoto yanu ili ndi ABS, makina oletsa matayala kumanga mukaponda buleki. Kanyali kake kamayaka kanthawi mukangoliza injini. Ngati ilipo, pondani buleki mwamphamvu ndipo musachotse phazi. Idzanjenjemera pansi pa phazi ndi kulira ngati chigayo, ndipo oyamba kumva amaganiza kuti china chathyoka n'kuchotsa phazi. Palibe chathyoka, makinawo akumanga ndi kumasula matayala kambirimbiri pa sekondi imodzi kuti muthe kukhotabe. Sikuti imafupikitsa mtunda pa sinowo, imangokusiyirani chiwongolero. Yakale yopanda ABS, pondani, matayala akamanga masulani, pondaninso, mofulumira.

Mukatitimira

Izi ndi za kwathu zenizeni. Wongolani matayala, fukulani sinowo kutsogolo ndi kumbuyo kwa tayala lililonse ndi pansi pa galimoto, ikani chiguduli, mchenga kapena kapeti wa m'galimoto pansi pa matayala okoka, n'kunyamuka ndi giya thu mofatsa. Ikakana, igwedezeni, kutsogolo pang'ono, m'mbuyo pang'ono, mpaka itapeza njira. Pa magalimoto atsopano kuzimitsa traction control, makina oletsa matayala kuzungulira pachabe, kwa kanthawi kumathandiza apa pokha, mukatuluka muiyatsenso. Okankha asaime kumbuyo kwa tayala, chiguduli chija chimauluka.

Kusiyana ndi matope n'kwakuti kuno ukatitimira umatha kuisiya galimoto n'kuyenda wapansi kukafuna anthu pamudzi wapafupi. M'sinowo wamphepo musatero, pokhapokha nyumba mukuiona ndi maso. Chilichonse chimayera mofanana, munthu amasochera mamita ochepa kuchoka pa galimoto yake, ndipo kuzizira kumasokoneza mutu asanazindikire. Khalani m'kati, yatsani mahazadi, mangirirani chitenje chowala pa chitseko kapena padenga, imbani foni: 999 ku Britain, 112 ku Ulaya konse ndi pa foni ya m'manja ku South Africa, 911 ku America ndi Canada. Valani zonse muli nazo, fundani bulangete, gwedezani manja ndi miyendo. Mowa musamwe; umanamiza thupi kuti lafunda pamene kutentha kukuthawa.

Injini muziiliza mphindi khumi pa ola lililonse kuti hita ifunditse, koma nthawi iliyonse musanailize tulukani mukaone ngati paipi ya ekizozi sinatsekedwe ndi sinowo, ndipo zenera limodzi likhale lotsegula pang'ono. Tonse tinamvapo za banja limene linagona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka mu Julayi, osadzukanso. Mpweya wake ndi womwewo, wopanda fungo, ndipo ekizozi ikatsekeka umalowa m'galimoto. Mukakhala awiri, muzigona mosinthana.

Mukafika kumene mukupita, imikani pamalo athyathyathya, mutu utaloza kotulukira. Kukazizira kwambiri hendibuleki ya waya imatha kuundana osamasukanso m'mawa, choncho pamalo osatsetsereka isiyeni galimoto m'giya wani, kapena pa P, hendibuleki osakoka. Imikani mawaipa m'mwamba kuti asamatirire. Ndipo potuluka gwirani chitseko, mutsitse mapazi onse awiri pansi musanaimirire, chifukwa mnzanga wina wa ku Domasi anayendetsa bwinobwino kuchokera ku Glasgow mpaka ku Perth m'sinowo, n'kudzathyoka mkono pakhomo pa nyumba yake akutsika m'galimoto.